Bwanamkubwa Wotsiriza ndi Dzina Limene Linatsala

Ana ambiri a ku Matero ndi ku Kanyama akatsiriza sukulu amalakalaka kukaphunzira "pa Evelyn Hone." Koma ndi owerengeka amene adziwa mwini wace wa dzinalo.

Sir Evelyn Hone anabadwa m'caka ca 1911 ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Ataphunzira ku Oxford analowa nchito ya Boma la Britain, natumikira ku Tanganyika, Seychelles, Palestine, British Honduras ndi Aden. M'caka ca 1957 anadza ku Lusaka kudzakhala Mlembi Wamkuru wa Boma, ndipo mu 1959 anakhala Bwanamkubwa wa Northern Rhodesia.

Inali nthawi yobvuta, pakuti anthu a m'makomboni ndi a m'midzi anali kukana citaganya ca Federation. Pa cipolowe ca Cha Cha Cha mu 1961, Boma lace linatumiza asilikali, ndipo anthu anafa. Cimeneci sicingabisike. Koma iye anazindikira kuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Atatha masankho a 1962 analandira a Kenneth Kaunda ndi a Harry Nkumbula m'Boma, ndipo mu January 1964 a Kaunda anakhala Nduna Yaikuru. Pakati pa usiku, poyamba tsiku la 24 October 1964, pa bwalo la Independence Stadium pafupi ndi Matero, mbendera ya Britain inatsitsidwa, ya Zambia nikwera.

Kwao anamlemekeza ndi nyota zitatu: OBE, CVO ndi GCMG. Yotsirizayo ndiyo yapamwamba m'gulu la Mikaeli Woyera ndi George Woyera, loperekedwa kwa otumikira Ufumu m'maiko akutali. Anamwalira mu 1979, ndipo zilembozo azikumbukira ndani? Ulemu wokhalitsa unacokera kwa anthu amene iye anawalamulira. Pamene maina a Azungu anali kufafanizidwa, Fort Jameson nakhala Chipata, Broken Hill nakhala Kabwe, dzina lace linatsala pa cipata ca koleji ya m'Lusaka.

Inu aphunzitsi, phunziro lace ndi ili. Mwana amene lero akhala pansi ndi sileti, mawa adzakhala mkuru wa sukulu yanu. Mkonzereni mpando nthawi ikalipo, ndipo tsikulo likafika, perekani makiyi ndi manja awiri.