Kodi Chidole Chingadwale Khate?

Pamene tikudikira kuti ana ayezedwe, tiyeni tikambirane za sewero lija linamveka pa wailesi, la mayi wogulitsa kaunjika pa msika. Kwa amene simunalimve, nkhani yake inali yotere. Mayiyo atatsegula belo anapezamo zidole za ana. Chimodzi chinali chosupuka kumaso, ndipo zala za dzanja limodzi zinali zitathothoka. Wogula wina atachinyamula anaseka nati, "Ichi ndiye cha khate, nditsitsireni mtengo." Anthu onse pa benchi anafa nacho chiseko. Amene sanaseke ndi mwana wamkazi wa wogulitsayo. Iye anali ndi banga lotuwa pamsana lomwe analibisa kwa miyezi isanu, ndipo tsiku limenelo n'kuti atalimba mtima kuti awauze amayi ake. Atamva chisekocho anangokokera nsalu yake m'mapewa, osanenanso kanthu.

M'magulu omvera wailesi mtsutso unakula. Ena anati wolemba seweroli anawonjeza, chifukwa chidole sichimva, ndipo wogula uja sananyoze munthu aliyense. Ena anati umo ndi momwe timayankhulira tonse. Mbale ya chitsulo ikasupuka utoto timati yachita khate. Wailesi ikamadukizaduka timati yagwa khunyu. Njinga yakutha, m'masiku amene Edzi inavuta kwambiri, anyamata ankati iri ndi kachirombo. Kodi pamenepa pali cholakwika?

Funsoli si la kwathu kuno kokha. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa zidole zakale n'kumagulitsana pa mtengo wokwera. Pali timahatchi ta pulasitiki totchedwa My Little Pony tomwe tinayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980. Tikakhalitsa timatuluka timadontho tofiirira, ndipo osonkhanitsawo amati kahatchiko kali ndi khansa. Ena mwa iwo amakana mawu amenewa, makamaka amene anadwazikapo khansa kapena anaikapo m'bale wawo chifukwa cha nthendayi. Anzawo amayankha monga anayankhira amayi ena m'magulu athu aja, kuti ndi mawu chabe.

Ine monga namwino ndinena maganizo anga mosabisa. N'zoona chidole sichimva, koma amene waima pambali panu amamva. Ndipo chimene amamva ndi ichi: chinthu chikatchulidwa dzina la nthenda yanga, mtengo wake umatsika, anthu amachiseka, kenaka amachitaya kudzala. Munthu wotere sathamangira ku chipatala. Amayamba wabisa. Pa nthenda ya khate, kubisako ndi kumene kumapundula munthu.

Tiyeni tiione bwino nthendayi, chifukwa zambiri zimene timaidziwira si zoona. Khate silibwera chifukwa cha ufiti, kulumpha mankhwala kapena kulakwira malamulo a makolo, ndiponso si la kumtundu. Limayamba ndi kachirombo kakang'ono komwe dokotala wa ku Norway, Armauer Hansen, anakaona koyamba m'chaka cha 1873. Kachiromboka kamatuluka m'mphuno ndi m'kamwa mwa munthu amene sanayambe kulandira mankhwala, ndipo kuti mutengere pamafunika kukhala naye pafupi kwa miyezi yambiri. Simungatenge khate popatsana moni, podyera m'mbale imodzi, kapena pokhala mphasa imodzi ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Ndiponso anthu pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse matupi awo amakagonjetsa okha kachiromboka.

Nthendayi imayenda pang'onopang'ono. Pamatha kupita zaka zisanu, mwina mpaka 20, munthu asanaone chizindikiro. Chizindikiro choyamba si kuduka zala ayi. Ndi banga pakhungu, lotuwa kapena lofiirira kusiyana ndi khungu lonse. Kawirikawiri siliyabwa, silipweteka, ndipo mukalikhudza ndi thonje mwini wake samva. Apa ndi pamene limasiyana ndi zikanga kapena chipere, zomwe munthu amamva mukazikhudza. Ena amamva dzanzi m'manja kapena m'mapazi.

Nanga zala zija zimatha bwanji? Sizithothoka zokha monga za chidole. Kachiromboka kakakhalitsa kamaononga mitsempha yomwe imatithandiza kumva kutentha ndi kupweteka. Mayi amagwira mphika wamoto osamva kuti akupsa. Bambo amakoka khoka tsiku lonse ku Malombe kapena ku Makanjira, chingwe n'kumamucheka m'manja iye osadziwa. Mwana amaponda minga kapena mbedza pa mchenga n'kumayendabe. Zilonda zimenezi zikabwerezabwereza, n'kulowa mafinya mpaka ku fupa, chala chimafupika. Zonsezi zimatenga zaka, ndipo zimachitika kwa munthu amene anachedwa kubwera.

Khate limachizika. Kuyambira m'chaka cha 1981 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti odwala azimwa mankhwala ophatikiza, ndipo kuyambira 1995 mankhwalawa amaperekedwa ulere. Alipo a mitundu itatu: rifampicin, dapsone ndi clofazimine. Wa mabanga ochepa amamwa miyezi isanu ndi umodzi, wa mabanga ambiri miyezi 12. Akangoyamba kumwa, sapatsiranso anzake. Amagona m'nyumba mwake, amaphikira banja lake, amapita ku dimba. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amamwa ndithu, ndipo mwana asachotsedwe ku bere. Mkodzo umatha kufiira pa tsiku lomwera rifampicin ndipo khungu limaderako pang'ono. Zimenezi zisakuopseni, zimatha mankhwala akatha. Koma dziwani kuti mankhwala amapha kachirombo, sabweza chala chomwe chinapita kale.

Mwina wina anena kuti, "Anesi, khate linatha kale, mukutiopsezeranji?" Dziko lathu linagwiradi ntchito yaikulu pa nthendayi. Bungwe la LEPRA linayamba kuthandiza kuno m'zaka za m'ma 1960, ndipo pofika 1994 odwala anachepa mpaka osakwana mmodzi pa anthu 10,000 aliwonse. Kuchepa si kutha. Chaka ndi chaka m'Malawi muno mumapezekabe odwala atsopano mazana angapo, ena mwa iwo ana, ndipo ambiri amafika ku chipatala manja kapena mapazi ataonongeka kale. Ndionjezepo kanthu kena kokhudza makadi amene mwanyamulawo. Kafukufuku amene anachitika ku Karonga anaonetsa kuti katemera wa BCG, uja mwana amabayidwa pa mkono akangobadwa, amatetezako ku khate pafupifupi ndi theka. Choncho kachipsera kaja musamakaone ngati kopanda ntchito.

Agogo athu amakumbukira nthawi imene wodwala khate ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, chakudya n'kumamuikira patali. Ena ankatumizidwa ku Utale, m'boma la Balaka, kumene a mishoni ya Katolika ankawasamala, ndipo ambiri sanabwererenso kwawo ngakhale atachira. Mankhwala anasintha, koma mantha aja anatsalira m'mawu athu. Maiko ena anaona kuti vuto la dzina ndi lalikulu. Ku Brazil, m'chaka cha 1995, anakhazikitsa lamulo loletsa kulemba dzina lakale la nthendayi m'makalata a boma, ndipo amaitchula ndi dzina la Hansen uja. Ife sitinasinthe dzina, ndipo ine sindiona chifukwa cholisinthira. Mawu oti khate ndi abwinobwino tikamanena nthenda m'chipinda cha dokotala. Amaipa tikawasandutsa dzina la katundu wotsika mtengo.

Pa zokambirana zija bambo wina anafunsa funso labwino: nanga alangizi a zaulimi aja amati khate la chinangwa, nawonso akulakwa? Iyo ndi nthenda yeniyeni ya mbewu, yomwe imakwinyitsa masamba, ndipo imafala ndi tizirombo touluka toyera komanso pobzala mitengo yodwala. Dzinali linazika mizu, ndipo sindilimbana ndi alangizi. Koma ana auzeni momveka kuti nthenda ya chinangwa ndi ina, ya munthu ndi ina. Munthu satenga khate podya chigwada. Chinangwa chodwala timazula n'kutentha, ndipo mwana amene sanauzidwe kusiyana kwake angaganize kuti munthu wodwala nayenso ndi wochotsa pakati pa anzake.

Za khunyu ndinenepo mwachidule, popeza tiri m'mbali mwa nyanja. Khunyu silipatsirana, ngakhale mutakhudza thovu la m'kamwa. Koma chifukwa choti tinalisandutsa nthabwala ndi chinthu chochititsa manyazi, makolo ena sauza aphunzitsi kapena anansi kuti mwana wawo amagwa. Mwanayo amapita yekha kukasamba ku nyanja kapena kukawotha moto, anzake osadziwa kuti ayenera kumuyang'anira. Akagwa, mugonekeni cham'mbali, chotsani zinthu zomwe zingamupweteke, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Mankhwala oletsa kugwa alipo ku chipatala.

Pa Edzi tonse ndife mboni. Chiipezereni nthendayi m'dziko muno mu 1985, tinaipatsa maina ambiri oseka nawo, monga magawagawa ndi matenda a boma. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, panali anthu amene ankadutsa chipatala cha pafupi n'kukalandirira kutali, ena osapita n'komwe, poopa pakamwa pa anzawo.

Tsono chidole chija tizichitchula chiyani? Chichewa sichisowa mawu. Utoto ukachoka, chasupuka. Mtundu ukatha ndi dzuwa, chasuluka. Galimoto ya waya ya mwana wanu yachita dzimbiri. Chidole cha dothi chang'aluka. Chovala cha m'belo chachita nkhungu chifukwa cha chinyontho. Mawu amenewa amanenanso zoona kuposa aja a matenda, chifukwa amakuuzani chimene chaonongeka ndi mmene mungachikonzere, ndipo mtengo mutha kunenerera nawo bwino lomwe. Mwana akabwera nawo kunyumba mawu oti "cha khate", musamukalipire, wawatola kwa ife akuluakulu. Mufunseni ngati akudziwa kuti khate n'chiyani, ndipo mumuuze kuti ndi nthenda yomwe imachizika ku chipatala monga malungo kapena likodzo.

Tsopano tiyamba kuyeza. Pomuvula mwana kuti akwere sikelo, muyang'aneni thupi lonse poyera, makamaka kumsana, m'matako ndi kuseri kwa ntchafu, kumene sitiona kawirikawiri. Mukafika kunyumba chitaninso chimodzimodzi ndi ana okulirapo, ndipo inu eni pemphani m'bale wanu akuoneni kumsana posamba. Mukapeza banga lotuwa, muuzeni munthuyo atsinzine, mukhudze ndi kathonje pa khungu labwino kenaka pa bangapo, ndipo aloze pomwe wamva. Ngati pa bangapo sakumva, musapakepo mankhwala a m'golosale kapena kutemera mphini. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena pitani ku chipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi pa boma pa Mangochi, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Namwera. Amene mukufuna kundionetsa lero, musanene pa mzere pano. Ndipezeni m'chipinda chija tikamaliza katemera, ndipo tidzatseka chitseko.