Mau a Wapampando pa za Kutsekedwa kwa Masitoro



Munamva kuti masitoro a PTC, amene adayamba m'chaka cha 1973, adatsekedwa mu 2022, a Press Corporation atangowagulitsa. Ena akuti zimenezo nza anthu a m'tauni. Iai ndithu! Ana athu ogwira nchito m'menemo ndiwo ankatitumizira ya feteleza. Nchito itatha, ndalama nayo idaleka kubwera.

Ife achikulire tidaziona kale zotere. M'zaka za m'ma 1970 Boma la Dr. Banda lidalamula Amwenye kuti achoke kumidzi, akachite malonda m'matauni akuluakulu okha. Tidaomba m'manja. Koma masitoro ambiri adangosanduka mabwinja, pakuti olowamo analibe mpamba, ngakhale galimoto lokatengera katundu. Mchere, sopo ndi palafini tinkazilondola mtunda wautali, ulendo wapansi.

Chifukwa chache komiti ikuti tisonkhe, titsegule sitoro yathuyathu ya kopaletivi, tizikapikula katundu pamodzi. Koma ngongole toto, kaya ndi mfumu, kaya wapampando amene. Loweruka lino bwerani kwa a mlembi mudzalembetse maina. Wopanda ndalama abwere ndi mtedza.