KABOKOSI KA WI-FI NDI ZIPUPA ZA KU SILVEREST

Nkhani ya madzulo ano iri ya kabokosi kaja ka nyali zophethira, dzina lace router, kamene kamagawa intaneti m'nyumba popanda waya mwa njira ya Wi-Fi. Ikhudza makamaka iwo amene alikumanga ku Silverest, m'boma la Chongwe, m'mbali mwa mseu wa Great East Road, munthu akangoturuka mu Lusaka kulowera kum'mawa.

Ena mwa eni mapuloti a kumeneko ali pa nchito kutali, ku Kitwe, ku Chingola kapena ku Solwezi, ndipo amatumiza ndarama mwezi ndi mwezi kuti zipupa zikwere. Nyumba yaikuru ikatha amamanganso timanyumba kumbuyo kwace toti acitemo lendi ana a sukulu, pakuti University of Lusaka iri ndi sukulu yace komweko. Tsono mwana wa sukulu wa masiku ano amayamba wafunsa za Wi-Fi asanafunse za madzi, ndipo akaipeza yofooka m'cipinda cace, mwezi ukatha amanyamula katundu. Mwini nyumba amangomva pa foni kuti intaneti siifika kumbuyo, natumiza ndarama zogulira kabokosi kena kodula, ka tinyanga tambiri. Kawiri-kawiri ndarama zimenezo zimapita pacabe, cifukwa colakwa sicinali m'kabokosi, koma pa malo pamene anakaika.

Akuru-akuru akumbukira wailesi ija ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949 mwa khama la Harry Franklin. Anaipanga a Ever Ready, ndipo mtengo wace unali £5, batire lace masheleni 25. Munthu anali kuponya waya pa mtengo, namva mau a ku Lusaka ali ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ngakhale ku Nyasaland komwe. Izi zinali kutheka cifukwa mafunde a wailesi imeneyo anali atali mamita makumi angapo, ndipo anali kukwera kumwamba ndi kubwerera pansi kutali kwambiri. Nzeru imeneyo inakhazikika m'mitu ya anthu, kuti cinthu copanda waya cimafika ponse-ponse. Mafunde a Wi-Fi sali otero ai. Ena ali ngati masentimita 12 m'litali, ena 6 okha, ndipo mphamvu imene kabokosi kamawatumiza nayo siiposa ya kababu ka toci. Cipupa ciri conse cimene adutsa cimawalanda gawo la mphamvuyo.

Ndipo zipupa za ku Silverest si zamasewera. Ziri za mabuloko a simenti, zopaka pulasitala uku ndi uku, ndi zitseko za citsulo ndi zitsulo za m'mazenera zoletsa mbala. Citsulo cimabweza mafunde, kalirole wamkuru acita cimodzi-modzi, ndipo madzi a m'thanki amawameza. Pa katoni ya router pamalembedwa kukula kwa nyumba imene kangathe kuikwanira, koma wogula akumbukire kuti m'maiko ena, monga ku America, zipupa zambiri za m'kati ziri zopyapyala, za matabwa. Kabokosi kamene kamakwanira nyumba yonse kumeneko kangathe kulephera kuno pa cipupa cacitatu.

Munthu asanaturutse ngwee ndi imodzi yomwe, ayambe wayesa motere. Aime ndi foni yace pafupi ndi kabokosi, naone ngati intaneti irikuthamanga. Ikakhala yaulesi pomwepo, vuto liri pa njira imene imalowera m'nyumba, kaya ndi nsanja ya mafoni, kaya waya wa fibre, ndipo ayenera kulankhula ndi kampani imene amailipira. Kuonjezera mipope sikuonjezera madzi m'citsime. Koma ikathamanga pafupi ndi kufooka m'zipinda, pamenepo ndiye mlandu uli ndi zipupa.

Mankhwala oyamba salira ndarama. Kabokosi kaikidwe pakati pa nyumba, pamwamba, poyera. Kasabisidwe m'kabati kapena kuseri kwa televizyoni monga acitira ambiri okonda kukongoletsa cipinda cocezera. Tambiri timaturutsa mafunde a mitundu iwiri. A 2.4 GHz amafika patali ndi kudutsako zipupa, koma ali ocedwa, ndipo amalimbana ndi a oyandikana nawo nyumba ndi a microwave ya kukhicini. A 5 GHz ali aliwiro, koma amatopa msanga. Wa m'cipinda ca kumapeto asankhe oyambawo.

Pali covuta cimodzi kwa iwo amene kabokosi kao kali ka SIM ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Kabokosi kotero kali ndi nchito ziwiri zosagwirizana: kumva nsanja iri panja, ndi kugawira a m'nyumba. Kuti kamve bwino nsanja kafuna kukhala pa zenera loyang'ana komweko. Kuti kagawe bwino kafuna kukhala pakati. M'nyumba yaing'ono munthu angathe kupeza malo okomera zonse ziwiri, koma m'nyumba ya zipinda zinai kapena zisanu sizitheka. Eni Starlink, imene inayamba nchito m'Zambia mu October 2023, nawo asaiwale kuti mbale iri pa denga imangobweretsa intaneti pakhomo. M'kati mwa nyumba kabokosi kace kamakomana ndi zipupa zomwezo.

Apa ndipo palowera cimene amati mesh. Ndito timabokosi tiwiri kapena titatu tolankhulana tokha-tokha, tokhala ndi dzina limodzi ndi mau acinsinsi amodzi, kotero kuti munthu akamayenda m'nyumba foni yace imadziwa yokha kusiya aka ndi kugwira ako. Ndi cinthu cabwino ndithu, ndipo ciposa timakina totsika mtengo tija ta extender, timene kawiri-kawiri timadula liwiro pakati, popeza timamva ndi kulankhula pa njira imodzi. Koma mesh iri ndi lamulo limene ambiri amaliswa. Kabokosi kaciwiri sikaikidwa m'cipinda cimene intaneti siifika, cifukwa kangabwereze bwanji mau amene sikanawamve? Kaikidwe pakati pa njira, pamene mafunde akali ndi mphamvu.

Kunena za timanyumba ta kumbuyo, palibe coposa waya. Waya wa Ethernet umanyamula intaneti kufikira mamita 100 osataya liwiro, ndipo mtengo wace uli wocepa poyerekeza ndi kabokosi kodula. Nsonga imodzi imalowa m'kabokosi ka m'nyumba yaikuru, ina m'kabokosi kaciwiri ka kumbuyo, ndipo zipupa zonse za pakati zakhala zopanda kanthu. Waya wodutsa pabwalo ukhale wopangidwira panja, ndipo aukwirire m'paipi, asaupacike m'malere pamene dzuwa ndi mvula zingauononge. Amene nyumba yace ikali pa mabuloko ali ndi mwai woposa onse: auze mmisiri wa magetsi aike paipi ina yopanda kanthu yocokera pakati pa nyumba kunka kuseri, asanapake pulasitala ndi kuyala mabwalo. Paipi yotero iri ya ndarama zocepa. Kuswa cipupa copaka kale utoto ndi nkhani ina. Pogula mesh afunse wa m'sitolo ngati timabokosito tiri ndi malo olowetsapo waya, pakuti tina tiribe.

Kwatsala magetsi. M'caka ca 2024 cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo nyumba zambiri zinali kukhala mu mdima maora 17 pa tsiku ndi kupitirira. Kabokosi kali konse ka mesh kamafuna magetsi ace-ace, ndipo kapakati kakazima, ta kutsogolo kwace timene timadalira mafunde ace timangokhala cete. Router wamba amadya ngati ma watt 10, ndipo ambiri amayendera ma volt 12, motero kabatire kakang'ono ka UPS kamamusunga maora angapo. Mbale ya Starlink imadya kangapo kuposa pamenepo. Wogula timabokosi titatu awerengeretu timabatire titatu, kapena afunse mtundu uja wa PoE, umene waya womwewo wa intaneti umanyamulanso magetsi kucokera m'nyumba yaikuru, kuti batire limodzi lisamale tonse.