Malole Onyamula Zokolola Zathu

 Lero ndifuna kukamba nanu za malole akuru akuru amene mumawaona pa mseu. Dziko lathu liribe doko la pa nyanja ya mcere, ndipo katundu wambiri wocokera kunja, monga fetereza ndi mafuta, amabwera pa lole kucokera ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Durban. Fodya wanu, cimanga ndi mtedza zimacoka kumudzi pa lole. Ndarama za ulendo umenewo zimaonjezedwa pa mtengo wa fetereza amene mugula, ndipo zimacotsedwa pa mtengo wa mbeu zimene mugulitsa. Cifukwa cace nkhani ya malole ndi yanunso.

Coyamba, malole sali ofanana. Makampani amawapanga m'magulu monga mwa nchito yace. Kampani ya Volvo ya ku Sweden iri ndi FL ndi FE za maulendo afupi, FMX ya m'miseu yoipa, ndi FH ya maulendo atali. Kampani ya Mercedes-Benz ya ku Germany iri ndi Atego yoceperapo ndi Actros yaikuru. Mlimi asavutike ndi kuloweza maina amenewa. Cofunika ndico kudziwa kuwerenga katundu. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndiwo tani imodzi. Tsono lole ya matani 3 imanyamula matumba 60, ya matani 10 matumba 200, ndipo yaikuru yokoka ngolo, ya matani 30, matumba 600. Ngati kalabu yanu iri ndi matumba 150, musaitane lole ya matani 30, cifukwa mudzalipira malo opanda kanthu, ndiponso singathe kutembenuka pa kamseu ka kumudzi. Musaitanenso ya matani 3 ndi kuisenzetsa matumba 100.

Apa ndipo timalakwa kawiri kawiri. Lole ikafika pamudzi, munthu ali yense afuna kuti thumba lace likwere lero lomwe, ndipo timamnyengerera dalaivala kuti aonjezepo. Kuyambira 1958 kufikira 1960 akatswiri a miseu ku Illinois, m'dziko la America, anayendetsa malole tsiku ndi tsiku pa miseu yoyesera, kuti aone cimene cimaononga mseu. Anapeza kuti mukawirikiza kawiri katundu wolemera pa ekiselo imodzi, ndiko kuti pa mzere umodzi wa matayala, mseu suonongeka kawiri cabe ai, koma pafupi fupi ka 16. Ndico cifukwa cace Boma linaika masikelo oyezera malole pa zipata monga Mwanza ndi Songwe. Koma mseu wa kumudzi kwanu ulibe sikelo. Sikelo yace ndinu mafumu. Ulalo ukathyoka m'nyengo yokolola, ndi anthu anu amene adzasowa podutsira m'dzinja popita ndi wodwala ku cipatala.

Caciwiri ndico malo okhala dalaivala, kutsogolo kwa lole. Akuru amakumbukira malole akale: mpando wouma, phokoso, kutentha kwa injini, ndipo usiku dalaivala ankayala mkeka pansi pa lole. Mu 1979 kampani ya Volvo inaturutsa lole ya denga lalitali yochedwa Globetrotter, yopangira anthu ogona pa ulendo masiku ambiri. Mu 2016 kampani ya Scania inaturutsa gulu la S, la pansi posalala, momwe munthu amaimirira mosawerama. Malole atsopano a maulendo atali ali ndi bedi, mpando wofewa wosagwedeza msana, ndi makina oziziritsa mpweya.

Ena adzati zimenezi ndi manyado cabe. Iai ndithu. Dalaivala wotopa amasinza, ndipo lole ya matumba 600 ikacoka pa mseu sisankha pogwera. M'maiko a ku Ulaya lamulo la 2006 limati dalaivala wa lole asayendetse kupitirira maora 9 pa tsiku, kupatula masiku awiri pa sabata pamene aloledwa maora 10. Akayendetsa maora 4 ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. M'lolemo muli kacipangizo kolemba nthawi imene wayenda ndi imene wapuma, kuti apolisi aone. Lamulo limeneli ndi la kwao, koma thupi la munthu wa ku Dowa limatopa monga la munthu wa ku Germany. Cotero dalaivala akafika kwanu usiku atayenda tsiku lonse, musamuumirize kupakira ndi kubwerera pomwepo. Mpatseni madzi ndi cakudya, agone, anyamuke m'mamawa. Kuthamanga sikufika.

Kumbukiraninso kuti lole yolemera siima msanga ngakhale mabuleki ali abwino, makamaka potsika phiri monga pa Chiweta. Inu mafumu a midzi ya m'mbali mwa mseu, letsani ana kusewera pa mseu, ndipo amai ogulitsa malonda akhale patali. Anthu asakwere pamwamba pa matumba.

Cacitatu ndiwo malole a haibulidi. Dzina limeneli mulidziwa kale cifukwa ca cimanga ca haibulidi, cimene cimabadwa pokwatitsa mitundu iwiri. Lole ya haibulidi nayonso iri ndi mphamvu ziwiri: injini ya dizilo, ndi makina a magetsi okhala ndi batire lalikuru. Pa lole wamba, dalaivala akaponda mabuleki mphamvu yonse ya liwiro imasanduka kutentha ndi kutayika. Pa lole ya haibulidi, makina a magetsi aja amathandiza kuimitsa lole, ndipo potero amapanga magetsi ndi kuwasunga m'batire. Ponyamukanso, magetsi omwewo amathandiza injini kukankha, ndipo dizilo amapulumuka.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Kampani ya Hino ya ku Japan inayamba kugulitsa basi yotere mu 1991. Mitsubishi Fuso inaturutsa Canter ya haibulidi mu 2006, ndipo Volvo inaturutsa FE ya haibulidi mu 2011, ninena kuti pa nchito yotola zinyalala m'tauni ingapulumutse malita ofika 30 pa malita 100 ali onse. Koma taonani pamene pali cinsinsi. Lole ya zinyalala imaima pa khomo liri lonse, ndipo kuima kuli konse kumadzaza batire. Lole yocokera ku Beira kupita ku Lilongwe imayenda maora ambiri osaima, cotero phindu lace limacepa. Batire ndi lolemera, ndipo kulemera kwace kumalanda malo a matumba. Mtengo wogulira ndi wokwera, ndipo magetsi ace ndi amphamvu oti angaphe makaniko wosaphunzira nchitoyo. Ndico cifukwa cace malole ambiri a maulendo atali pa miseu yathu akali a dizilo.

Ngati wina afuna kugulitsa lole ya haibulidi yogwirapo kale nchito ku bungwe lanu la alimi, funsani zaka za batire, kumene mungagule lina likatha, ndi amene angaikonze ikafa. Safunsa anadya phula.

Koma njira yopulumutsira ndarama iripo lero lomwe, yosafuna makina atsopano. Lole yobwerera yopanda kanthu imamwabe mafuta, ndipo mafutawo mulipira ndinu. Sonkhanitsani zokolola pa malo amodzi ofikika, muwerenge matumba lole isanaitanidwe, ndipo mupangane kuti yopita ndi mtedza ibwere ndi fetereza kapena malata. Mafumu, itanani anthu anu pa bwalo mukambirane zimenezi kukolola kusanayambe.