Nyimbo ndi ntchito zamanja pa maphunziro a ana athu

Ine ndine mlimi wa chimanga ndi mbatatesi, sukulu ndidalekera kalasi 7. Mwandipempha kuti ndiyankhulepo pa nkhani yomwe idatigawanitsa titamvera pologalamu ya maphunziro ija: kodi kuimba, kujambula ndi kuumba n'koyenera kudya nthawi ya ana pasukulu? Abambo ena adati ayi, mwana timamutumiza kuti akadziwe Chipwitikizi ndi masamu, zoimbazo akaimba ku tchalitchi. Ine ndikusiyana nawo maganizo, mwaulemu ndithu.

Tiyambe ndi eni ake omwe sukulu ya mabukuyi idachokerako. Azungu amati maphunziro awo akalekale adayambira kwa Agiriki. Mumzinda wa Athens, zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, mudali munthu wanzeru dzina lake Plato. Iye adalemba kuti mwana aleredwe ndi zinthu ziwiri, masewera olimbitsa thupi ndi nyimbo zowongola mtima, ndipo nyimbo ndizo ziyambe. Pa mawu akuti nyimbo ankaphatikizapo ndakatulo ndi nthano. Wophunzira wake, Aristotle, adatchula maphunziro anayi a ana: kulemba ndi kuwerenga, kulimbitsa thupi, nyimbo, ndi kujambula. Pambuyo pake m'masukulu akale a ku Ulaya mudali maphunziro 7, ndipo nyimbo adaziika m'gulu limodzi ndi masamu, kuyeza malo ndi za nyenyezi.

Mwina mukudabwa kuti nyimbo zikukhala bwanji pamodzi ndi masamu. Funsani aliyense woimba bangwe kapena banjo. Mukagwira nsambo pakati penipeni n'kuikhwatcha, imatulutsa liwu lomwe lija koma lokwera. Theka la nsambo, liwu lokwera kawiri. Agiriki adaona kuti amenewo ndi masamu omveka ndi khutu. Nanga woimba ng'oma sawerenga? Akaphonya kamodzi kokha, ovina onse amatembenuka kumuyang'ana.

Tsono ife sitidadikire Agiriki. Makolo athu adalibe choko kapena kope, koma mwambo sudatayike. Anamkungwi ku chinamwali ankaphunzitsa ndi nyimbo ndi zoumba za dothi, kuti namwali aone ndi maso, amve ndi makutu, avine ndi thupi. Chimene walangizidwa motero saiwala mpaka imvi. Pa mtondo amayi ankadzudzula mwamuna waulesi ndi nyimbo, mudzi wonse n'kumva, popanda mlandu. Inu nomwe yesani: tchulani zomwe mudalemba pa mayeso a kalasi 4. Zidapita. Koma nyimbo yomwe mudaphunzira nayo kuwerenga manambala mutha kuiimba pompano, eti?

Dziko lonse lidavomereza kuti zimenezi n'chuma. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu wa Achewa a m'Mozambique, Malawi ndi Zambia, pamodzi ndi timbila za Achopi a ku Zavala, m'chigawo cha Inhambane. Malangatana, yemwe adabadwira ku Matalana mu 1936 n'kumwalira mu 2011, ali mwana ankaweta ziweto monga ana athu omwewa. Dzanja lake lojambula ndilo lidamutchukitsa kunja konse, ndipo zojambula zake zili pa zipupa ku Maputo. Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala Malangatana, ayi. Koma mmisiri wa matabwa, telala, womanga nyumba, onsewo amadya chifukwa cha diso lodziwa mzere wowongoka ndi dzanja lozolowera. Ngakhale mizere ya m'munda imaonetsa yemwe ali ndi diso.

Boma nalo lidaganizapo. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale yomwe idayamba mu 2004 idaika Educação Musical, Educação Visual ndi Ofícios, ndiye kuti nyimbo, zojambula ndi ntchito zamanja. Idasiyanso gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzira kuti likhale la zinthu za m'dera, lotchedwa Currículo Local. Apa m'pomwe pandipweteka ine. Pasukulu ina yomwe ndikuidziwa, nthawi ya nyimbo ikakwana ana amatumidwa kukatola nkhuni kapena kusesa bwalo. Aphunzitsi sindiwaimba mlandu kwambiri. Ena adachokera kutali, ng'oma zathu sazidziwa, ana ndi ochuluka m'kalasi, zipangizo palibe. Koma ife makolo tidakhala chete chifukwa nafenso timayesa zachibwana.

Zipangizozo zili pompano. Dothi la mtapo lili kudambo, nsungwi ndi mlaza zilipo, zikopa za mbuzi timangotaya. Agogo odziwa kuumba mbiya ndi kuluka malichero akutha mmodzimmodzi, ndipo ana athu akugula zidebe za pulasitiki. Za kudambwe ndi za kutsimba zikhale komweko, sindikunena zimenezo. Ndikunena ngoma, chintali, nthano, kusema mipini ndi kuluka mphasa.

Pempho langa ndi ili, a wapampando. Tisankhe anthu atatu, mayi mmodzi woumba, bambo mmodzi wa ng'oma ndi mmodzi woluka, akaonane ndi a Conselho de Escola tikatha kukolola, akapemphe tsiku limodzi pa mwezi. Ine ndapereka chikopa chimodzi ndi mtengo wosemera ng'oma. Ofuna kupita nawo alembetse kwa alembi tisanabalalike.