NYANJA NDI YATHU, NANGA NZERU ZAKE NDI ZA YANI?

Awa ndi mawu amene mtolankhani wathu analankhula kwa aphunzitsi, azaumoyo ndi alangizi a zausodzi pa boma la Nkhata Bay.



Ine si katswiri wa sayansi. Ndine mtolankhani chabe, ndipo ku sukulu ya ukachenjede ndinachokako ndisanavale mkanjo chifukwa fizi inavuta. N'chifukwa chake nkhani ya munthu wofuna maphunziro koma njira itatsekeka imandikhudza kwambiri.

Funso langa lero ndi ili: kodi mphunzitsi wa bayoloje wa ku sekondale, kapena wogwira ntchito mu labotale ya chipatala, kapena mlangizi wa zausodzi, amene ali kale ndi digiri yoyamba, angathe kupata digiri ya masitazi ali pompano, osasiya ntchito, osasiya banja?

Tiyambe ndi mbiri ya malo tili pano. M'zaka za 1954 ndi 1955, bungwe la atsamunda lotchedwa Joint Fisheries Research Organisation linachita kafukufuku wa nsomba za kumpoto kwa nyanja yathu, ndipo malo ake ogwirira ntchito anali pa Nkhata Bay. Mmodzi mwa akatswiriwo, a Geoffrey Fryer, anafufuza moyo wa mbuna m'miyala yomweyi imene ana athu amasambirapo. Mu 1972 iwo ndi a T.D. Iles anatulutsa buku la nsomba za m'nyanja zikuluzikulu za mu Africa limene ophunzira amaliwerengabe mpaka lero. Mu 2018 akatswiri ena, ambiri a iwo a ku Cambridge, anafalitsa zotsatira za kuunika chibadwa cha mitundu 73 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi. Chaka chomwecho bungwe la IUCN linalengeza kuti mitundu itatu mwa inayi ya chambo ili pafupi kutheratu.

Sindikudzudzula alendowa ayi, ntchito anaigwira bwino. Koma tadzifunsani: nsomba ndi zathu, miyala ndi yathu, nanga bwanji madigiri ambiri ochokera m'madzi amenewa akupachikidwa m'makoma a kutsidya kwa nyanja zamchere?

Kuphunzira uli kutali ndi sukulu si chinthu chachilendo. Yunivesite ya London inayamba kulola anthu akutali kulemba mayeso ake mu 1858. UNISA ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa kudzera m'makalata mu 1946, ndipo a Nelson Mandela anapata digiri yawo ya zamalamulo kumeneko mu 1989 akadali mkaidi. Kuno kwathu Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965, ndipo lero ndi Malawi College of Distance Education. Ena mwa inu amene munali ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukukumbukira kudikira envulopu ya maphunziro ku positi ofesi mwezi wathunthu. Lero envulopu ija yalowa mu foni. Mzuzu University ndi LUANAR zili ndi nthambi za maphunziro akutali, ngakhale kuti ntchito yambiri yayambira pa madipuloma ndi digiri yoyamba.

Zimayenda motere. Mphunzitsi amajambula phunziro lake n'kuliika pa intaneti. Inu mukaweruka mumalimvera, mumawerenga, mumalemba ntchito n'kutumiza. Nthawi zina kalasi yonse imakumana pa kompyuta. Kumapeto mumachita kafukufuku wanu moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi. Mbali ina ya bayoloje ya masiku ano ndi kuwerengera ndi kusanthula pa kompyuta, ndipo nkhokwe monga GenBank, kumene amasungako zolembedwa za chibadwa cha zamoyo, aliyense amalowamo ulere.

Tsono pa kafukufuku m'pamene ife tili ndi mwayi woposa wophunzira wa ku London. Iye amalipira ndege kuti adzaone usipa, utaka ndi batala. Inu mumazipeza mukangotsikira ku gombe. Wa ku chipatala amaona likodzo ndi malungo tsiku ndi tsiku. Mlangizi wa zaulimi amaona matenda a chinangwa chimene chimatipatsa kondowole. Mitu ya kafukufuku ikutizungulira.

Komabe chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikuchenjezeni pa zinthu zitatu.

Choyamba, bayoloje si yongowerenga. Nkhono yofalitsa likodzo simungaidziwe bwino pa chithunzi chokha. Muyenera kuigwira ndi kuiika pa maikulosikopu. Musanalembetse, funsani kuti ntchito ya mu labotale mukaichitira kuti, ndipo adzakuyang'anirani ndani. Sukulu ikalephera kuyankha funso limeneli, sungani ndalama zanu.

Chachiwiri, pa intaneti pali akamberembere ogulitsa mapepala. Dziko lino lili ndi bungwe la National Council for Higher Education, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene limavomereza sukulu za ukachenjede ndi kuunika madigiri ochokera kunja. Kafunseni kumeneko musanalipire ngakhale tambala imodzi. Safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi ndalama. Sukulu zakunja zimafuna fizi m'madola kapena m'mapaundi. Pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali pakati pa maphunziro otere anadzuka ndi ngongole imene sanaiyembekezere, malipiro awo ali pomwepo. Onjezanipo mtengo wa bandulo, ndi magetsi amene angazime mayeso ali m'kati. Werengerani zaka zonse za maphunzirowo, osati teremu yoyamba yokha.

Nanga tichite chiyani? Kwa akuluakulu a sukulu zathu za ukachenjede ndikuti: kuchokera pano kufika ku Mzuzu sipakwana makilomita 50. Konzani masitazi ya bayoloje ndi ya zansomba yoti munthu aziphunzira pa intaneti mkati mwa teremu, n'kubwera ku labotale pa tchuthi, fizi yake m'makwacha. Kwa mabwana a m'maofesi: mupatseni wantchito wanu masiku olembera mayeso popanda kumuona ngati akufuna kukulandani mpando. Kwa alendo odzafufuza m'nyanja muno: takulandirani, koma m'bwato mwanu mukhale wophunzira wa kuno, ndipo dzina lake lioneke pa zimene mudzalembe. Ndipo kwa inu makolo athu obwerera kumudzi, amene muli ndi madigiri ndi anzanu m'mayunivesite akunja: tengani mwana mmodzi, muziwerenga zolemba zake, mumulembere kalata yomuchitira umboni.

Chambo chikadzatha, amene adzagone ndi njala si wa ku Cambridge, ndi ife. N'koyenera tsono kuti odziwa kuchiteteza akhale ana a pano, okhala pano.