Mtsogoleri Amasankhidwa Kuti Atumikire

Kodi maudindo mu mpingo anayamba bwanji? Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 6, likutiuza kuti ku Yerusalemu kunabuka dandaulo: amayi amasiye olankhula Chigiriki ankaiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanakalipire odandaulawo ayi. Anaitanitsa msonkhano, ndipo anthu eni ake anasankha amuna asanu ndi awiri oti aziyendetsa ntchitoyo. Pang'onopang'ono mipingo inakhala ndi akulu ampingo, madikoni ndi mabishopu. Ngakhale mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, Akhristu anatenga nthawi kuti agwirizanepo: mndandanda wake wonse unalembedwa ndi Bishopu Athanasius m'chaka cha 367.

Kuno ku Mzimba nakonso mpingo unakula pogawana maudindo. Donald Fraser, amene anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, anaika amayi otchedwa balalakazi kuti aziyang'anira amayi anzawo. Mu 1914 Jonathan Chirwa anadzozedwa kukhala mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a Livingstonia.

Tsono posankha komiti yachitukuko m'mudzi mwanu, dzifunseni: kodi munthuyu adzamva dandaulo la mayi wamasiye? Kodi adzaitanitsa msonkhano, kapena adzagamula yekha? Kumbukirani, mutu umodzi susenza denga.